ZA SAYANSI NDI MOYO: Mwana wa atelala amene adalemba kugunda kwa mtima m'masamu

Munthu akaika chala pa mtsempha wa pamkono amamva kugunda. Ngati ndi wamkulu ndipo wangokhala osagwira ntchito, kugundako kumachitika pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo pa tsiku lathunthu kumakwana pafupifupi ka 100,000. Mwendo umayenda mwini wake akafuna, dzanja limagwira khasu mwini wake akafuna, koma mtima sudikira kuuzidwa. Anyamata amene adatumbulapo mlamba wongowedza kumene amadziwa kuti kamtima kake kamapitiriza kugunda ngakhale atakachotsa ndi kukaika pa tsamba. Pamenepo palibe ubongo, palibe magazi oyenda. Nanga amene akukauza nthawi yogunda ndani?

Sabata ino tsamba lino likukamba za munthu amene adatha zaka zoposa 40 akulimbana ndi funso limeneli. Dzina lawo ndi a Denis Noble a ku England. Mu 1960 iwo adakhala munthu woyamba kutenga zimene adayeza m'nyama ya mtima, kuzilemba m'masamu, ndi kuona kompyuta ikutulutsa kagundidwe ka mtima kuchokera m'masamuwo. Masamu awo adapezeka olakwika kawiri, anzawo onse akuona, ndipo kawiri konseko iwo adawakonza. Zimene zidatuluka m'ntchito imeneyi zikukhudza ngakhale mapilitsi amene anthu amalandira ku chipatala.

MAGETSI OCHOKERA MU MCHERE

Mtima ndi nyama, ndipo nyama imeneyi idapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Selo lililonse lili ngati kathumba kokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. M'kati mwa kathumbako muli madzi, kunja kwake kulinso madzi, ndipo m'madzi onsewo mudasungunuka mitundu ingapo ya mchere. Pa nkhani ino yofunika ndi itatu. Woyamba ndi sodiyamu, amene ali mu mchere wothira m'ndiwo. Wachiwiri ndi potaziyamu, amene amapezeka kwambiri mu nthochi, nyemba ndi kachewere. Wachitatu ndi kashiyamu, wolimbitsa mafupa, amene ali mu mkaka ndi m'tinsomba todyera pamodzi ndi minga monga usipa ndi matemba.

Mchere ukasungunuka m'madzi, tizidutswa take timanyamula mphamvu ya magetsi. Kunja kwa selo kumachuluka sodiyamu ndi kashiyamu, m'kati mumachuluka potaziyamu, ndipo kusiyana kumeneku kumachititsa kuti selo likhale ngati kabatire. Batire la mu tochi kapena mu wailesi lili ndi mphamvu ya 1.5 volt, monga momwe zimalembedwera pambali pake. Selo la mtima likamapuma silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a volt imodzi. Ndi magetsi ochepa zedi, koma moyo wa munthu udatsamira pomwepo.

Pa kachikopa kaja pali tizipata tambirimbiri, ndipo kachipata kalikonse kamadutsitsa mchere wa mtundu wake. Tizipata ta sodiyamu tikatseguka, sodiyamu amathamangira m'kati, magetsi a selo amakwera mwadzidzidzi ndipo selolo limafinyika. Kenaka tizipata ta potaziyamu timatseguka, potaziyamu amatuluka, magetsi amabwerera pamene adali ndipo selo limamasuka. Tsono chofunika kuchigwira bwino ndi ichi: chimene chimatsegula ndi kutseka tizipatati ndi magetsi omwewo a selo. Tizipata timasintha magetsi, magetsi nawonso amasintha tizipata.

Mu mtima wa munthu, chizindikiro cha magetsi chimayambira pa kamalo kakang'ono pamwamba cha kudzanja lamanja, kamene a Arthur Keith ndi a Martin Flack adakafotokoza mu 1907. Kuchoka pamenepo chimatsika ndi kumwazikira m'zipinda zapansi za mtima kudzera m'timinyewa tonga ulusi, timene timadziwika ndi dzina la a Purkinje amene adatiwona mu 1839. Makina a ku chipatala otchedwa ECG, aja amamata timawaya pachifuwa ndi kutulutsa pepala la mizere yokwera ndi kutsika, amawerenga magetsi omwewa kudzera pa khungu.

SAMU YA MTSEMPHA WA LULA

Njira yolemba magetsi a m'thupi m'masamu idayambira pa mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. Mu 1952 a Alan Hodgkin ndi a Andrew Huxley a ku Cambridge adasindikiza zimene adapeza pa nyama ya m'nyanja yamchere imene pa Chipwitikizi amati lula. Nyama imeneyi ili ndi mtsempha wonenepa pafupifupi theka la milimita, woti munthu atha kulowetsamo kawaya. Iwo adayeza momwe tizipata ta sodiyamu ndi ta potaziyamu timatsegukira, nalemba zonsezo m'masamu. Kompyuta ya ku Cambridge pa nthawiyo inali ikukonzedwa, kotero a Huxley adawerengera pa makina opukusa ndi dzanja kwa masabata pafupifupi atatu. Yankho lidafanana ndi zimene mtsempha weniweni umachita, mpaka liwiro la uthenga. Mu 1963 awiriwa adalandira mphotho ya Nobel.

Koma mtima ndi wosiyana ndi mtsempha. Mu mtsempha magetsi amakwera ndi kutsika pa nthawi yochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mu mtima amakwera, nakhala pamwamba nthawi yotalika kuposa pamenepo mazanamazana, kuti nyamayo ipeze mpata wofinya magazi. Ndiponso mtsempha umadikira kutokosoledwa, pamene mtima umabwereza wokha. Funso linali loti kodi samu ya lula ingasinthidwe mpaka ifotokoze zinthu ziwirizi?

MAOLA AWIRI PAKATI PA USIKU

A Denis Noble adabadwira ku London pa 16 Novembala 1936. Bambo ndi mayi awo onse anali atelala. Adaphunzira ku University College London, ndipo mu 1958 adayamba kafukufuku wa mtima pansi pa a Otto Hutter. A Hutter eni ake adafika ku England mu 1938 ali mwana wa zaka 14, wothawa kwawo ku Vienna chifukwa cha nkhanza za chipani cha Nazi.

Awiriwa ankatenga timinyewa ta Purkinje m'mitima ya nkhosa ndi kuyeza magetsi ake. Adapeza kuti mu mtima muli mitundu iwiri ya tizipata ta potaziyamu. Wina umatsekeka msanga magetsi akangokwera, wina umatseguka pang'onopang'ono pambuyo pake. A Noble adaganiza kuti mwina ichi ndicho chimachititsa kuti magetsi a mtima achedwe kutsika. Koma kuganiza kokha sikukadakwana. Pankafunika kuika tizipata tonse m'masamu ndi kuwerengera chimene chingachitike tikamagwira ntchito pamodzi, ndipo ntchito yotere inali yosatheka ndi pensulo.

Nthawi imeneyo University of London inali ndi kompyuta yotchedwa Ferranti Mercury, imene akatswiri a maphunziro osiyanasiyana ankalimbirana. Inkadzadza chipinda, inali ndi timababu pafupifupi 2,000 tonga ta m'mawailesi akalekale, ndipo malangizo ankaipatsa pa kansalu ka pepala kobooledwa timabowo. Munthu ankayenera kupempha nthawi kwa oyang'anira ake. Malinga ndi momwe a Noble adafotokozera m'buku lawo la The Music of Life la mu 2006, oyang'anirawo atayang'ana masamu a mnyamatayo adamufunsa kuti chigawo chimene chidzachititse kubwerezabwereza chili pati. Iwo ankayembekeza kuona samu yonga kachitsulo kolendewera ka wotchi ya pakhoma, kopita uku ndi uku. M'masamumo munalibe chotero, ndipo mnyamatayo analibe yankho. Kuwonjezera apo, sadaphunzire samu yozama. Adamubweza.

Iye adakaphunzira samu ija pamodzi ndi kalembedwe ka malangizo a makinawo, nabweranso. Ulendo uno adamulola, koma nthawi imene adampatsa inali yoyambira 2 koloko usiku mpaka 4 koloko m'bandakucha. Akachoka pa kompyuta ankapita kophera nyama cha m'ma 5 koloko kukatenga mitima ya nkhosa, n'kukhala tsiku lonse akuyeza, kenaka n'kukonzekera kubwerera ku kompyuta usiku wotsatira. Makinawo anali ochedwa, moti maola awiriwo ankangokwanira samu ya kugunda kochepa chabe, ndipo kabowo kamodzi kolakwika pa pepala kankawononga usiku wonse.

Pomaliza manambala adatuluka. Atawajambula pa pepala, mzere udakwera mwadzidzidzi, udakhala pamwamba, udatsika, kenaka udayamba kukwawa pang'onopang'ono kubwerera m'mwamba mpaka udalumphanso. Masamuwo adagunda okha ngati mtima. Zotsatirazi zidatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1960, a Noble asanakwanitse zaka 25, ndipo nkhani yonse idasindikizidwa mu Journal of Physiology mu 1962.

Funso la oyang'anira kompyuta lija lidayankhika motere. Taonani amayi awiri akusinja chimanga mu mtondo umodzi. Palibe wowawerengera nthawi, palibe woimba belu. Munsi wa uyu ukatsika, wa mnzake uli m'mwamba, ndipo aliyense amayendera pa zimene mnzake wachita. Mukamuchotsa mmodzi, kaphokoso kosinthana kaja kamatha. Ndi momwenso zilili m'selo la mtima. Kachipata ka sodiyamu pakokha sikagunda, ka potaziyamu pakokha sikagunda. Kugunda kumabadwa pamene tizipata tonse tili pa kachikopa kamodzi, kalikonse kakusintha magetsi amene akulamulira tinzake.

KULAKWA KOYAMBA: KASHIYAMU ADASIYIDWA

Mu 1963 a Noble adasamukira ku Oxford, kumene adakhala mphunzitsi ku Balliol College. Pasanapite zaka zambiri masamu awo adaoneka kuti ali ndi dzenje. Mu 1967 katswiri wa ku Germany, a Harald Reuter, adaonetsa kuti m'timinyewa ta mtima mulinso tizipata tolowetsa kashiyamu. M'samu ya 1962 munalibe kashiyamu ngakhale pang'ono. Ntchito yosunga magetsi pamwamba a Noble adaipereka yonse kwa sodiyamu, pamene mu mtima weniweni mbali yaikulu ya ntchitoyo ndi ya kashiyamu, yemwenso ndi amene amauza nyama ya mtima kuti ifinyike.

Kufunika kwa kashiyamu kunkadziwika kale m'njira ina. Mu 1883 a Sydney Ringer, a pa koleji yomweyo ya ku London, adapeza kuti mtima wa chule sugunda nthawi yaitali m'madzi a mchere opanda kashiyamu. Dzina lawo ndi lija limalembedwa pa mapaketi a madzi a diripi amene amaikidwa kwa odwala kolera. Chimene sichinkadziwika chinali choti kashiyamuyo amalowa m'selo kudzera pa chipata chakechake ndipo amanyamula magetsi.

Choncho samu ya 1962 idajambula mzere wofanana ndi wa mtima, koma mbali ina pa chifukwa cholakwika. Telala wodziwa ntchito amayamba wasoka mongogwiriza, mwini chovala n'kuyesa, ndipo pamene pakuthina amasosola n'kusokanso. Kuyesako ndiko kumaonetsa pamene pali vuto. Ntchito ya masamu amenewa ndi yomweyo: amakakamiza munthu kunena bwinobwino zimene akuganiza, m'manambala, kotero kuti akalakwa kulakwako kumaonekera.

A Noble adapitiriza kuyeza pamodzi ndi wophunzira wawo wochokera ku America, a Richard Tsien, amene poyamba adaphunzira za zipangizo zamagetsi. Mu 1968 ndi 1969 adafotokoza mitundu ina ya tizipata ta potaziyamu totseguka mochedwa. Mu 1975, pamodzi ndi a McAllister, adatulutsa samu yatsopano yokhala ndi tizipata tambiri, kashiyamu ali momwemo. Chaka chomwecho a Noble adasindikiza buku lotchedwa The Initiation of the Heartbeat, ndipo mu 1979 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, bungwe lakale la akatswiri a sayansi ku Britain. Ambiri ankayesa kuti nkhani yatha.

KULAKWA KWACHIWIRI: KACHIPATA KACHILENDO

Samu ya 1975 inkanena kuti kukwawa kwa magetsi pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake kumachitika chifukwa chakuti kachipata kena ka potaziyamu kamatsekeka pang'onopang'ono. Chimene chidagwetsa ganizo limeneli chidachokera pakhomo pomwepo. Mu 1979 ku Oxford, ofufuza atatu, a Hilary Brown, a Dario DiFrancesco a ku Italy, ndi a Susan Noble, amene anali akazi awo a Denis Noble, ankayeza kamalo koyambira kugunda mu mtima wa kalulu. Adapeza kachipata kochita zosemphana ndi tinzake. Tizipata tambiri timatseguka magetsi akakwera, koma aka kamatseguka magetsi akatsika, n'kulowetsa makamaka sodiyamu, ndipo potero kamayambitsanso ulendo wokwera. Adakapatsa dzina la Chingerezi loti funny, kutanthauza kachilendo. Adaonanso kuti adrenaline, madzi aja thupi limatulutsa munthu akadzidzimuka poona njoka m'njira, amakatsegula kwambiri kachipata kameneka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtima umathamangira munthu akachita mantha.

Mu 1981 a DiFrancesco adasindikiza umboni woti kachipata kaja a Noble ndi a Tsien ankakayesa ka potaziyamu m'timinyewa ta Purkinje kanali kachilendo komweka. Kumene iwo ankati mchere ukuleka kutuluka, zoona zake zinali zoti mchere wina ukuyamba kulowa. Ntchito ya zaka zoposa khumi idapezeka kuti idawerengedwa chozondoka.

Apa ndi pamene khalidwe la munthu limaoneka. Panthawiyo a Noble anali kale munthu wa dzina, ndipo wowatsutsayo anali wamng'ono kwa iwo. Iwo adatenga maganizo a a DiFrancesco n'kuwaika mu kompyuta kuti aone ngati angafotokozenso zoyeza zakale zija. Kompyuta idaonetsa kuti angafotokoze, ndipo idaululanso chimene chidawasocheretsa: pa nthawi yoyeza, potaziyamu ankachepa m'timipata tating'ono ta pakati pa maselo, ndipo kuchepako kunkachititsa kuti kachipata kachilendo kaoneke ngati ka potaziyamu. Awiriwa adagwirira ntchito limodzi, ndipo mu 1985 adatulutsa samu yatsopano yodziwika ndi maina awo onse.

Samu ya 1985 idawonjezera chinthu china. Ngati mchere ukulowa ndi kutuluka pa kugunda kulikonse, payenera kukhala timapampu toubwezera kumene udachoka, apo ayi kabatire kaja kangathe mphamvu. Kamodzi mwa timapampu timeneti kamatulutsa kadontho kamodzi ka kashiyamu posinthana ndi timadontho titatu ta sodiyamu, ndipo samuyo inkasonyeza kuti kusinthanaku kuyenera kutulutsa magetsi okhudza kagundidwe. Mu 1986 ofufuza a ku Japan adayeza magetsi amenewo m'selo limodzi la mtima ndipo adawapezadi. Ulendo uno samu inali patsogolo, kuyeza kudabwera pambuyo.

Kuyambira 1984 mpaka 2004 a Noble anali pulofesa wa za mtima ndi mitsempha ya magazi ku Oxford, ndipo ophunzira ambiri amene adadutsa m'manja mwawo adakayambitsa ntchito yomweyi m'maiko ena.

ZIKUKHUDZA BWANJI MAPILITSI?

Pali odwala ena amene mtima wawo umafunika kuuchepetsa liwiro, monga aja amamva kupweteka pachifuwa akamakwera chitunda chifukwa mitsempha yodyetsa mtima idaphinjika. Kachipata kachilendo katadziwika, ganizo lidabwera loti apange mankhwala okatseka. Koma panali mantha: ngati kachipatako ndiko koyambitsa kugunda, kodi kukatseka sikuimitsa mtima? Masamu adaonetsa kuti ayi. Kachipata kameneka kakatsekedwa, tizipata tina timanyamula mbali ya ntchito yake, ndipo mtima umangochepetsa liwiro osaima. Kuyesa pa nyama ndi pa anthu kudagwirizana ndi zimenezi. Mankhwala otere, otchedwa ivabradine, opangidwa ndi kampani ya Servier ya ku France, adaloledwa kugwiritsidwa ntchito m'maiko a ku Ulaya mu 2005.

Palinso mbali yoopsa. Mankhwala ena opangidwira matenda osakhudzana ndi mtima amakatseka mwangozi kachipata kamodzi ka potaziyamu, ka mtundu womwe uja a Noble ndi a Tsien adaufotokoza mu 1969. Kachipatako masiku ano kamadziwika ndi dzina loti hERG. Kakatsekeka, selo limachedwa kubwezeretsa magetsi ake, ndipo mwa anthu ena kugunda kotsatira kumabwera pa nthawi yolakwika. Mtima umayamba kunjenjemera m'malo mopopa magazi, munthu n'kukomoka kapena kufa mwadzidzidzi. Mankhwala a kuyetsemula ndi ziwengo otchedwa terfenadine adachotsedwa pa msika wa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha vuto limeneli, ndipo a m'mimba otchedwa cisapride adatsatira mu 2000.

Nkhaniyi idafika ndi pa malungo. Mu 1993 madotolo ogwira ntchito m'malire a Thailand ndi Burma adalengeza kuti mankhwala a malungo otchedwa halofantrine amatalikitsa nthawi yobwezeretsa magetsi a mtima, ndipo pambuyo pake adalekedwa m'malo ambiri. Kwinini ndi kolorokwini nawonso amakhudza magetsi a mtima. Pa muyeso woyenera thupi limapirira, koma munthu akamwa mapilitsi a kolorokwini ambiri nthawi imodzi chimene chimamupha ndi mtima. Mankhwala a malungo amene zipatala zimapereka, monga Coartem, adayesedwa pa nkhani imeneyi, ndipo akamwedwa motsata malangizo ngozi yake ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya malungo osachizidwa.

Chifukwa cha imfa zija, makampani adayamba kuyesa mankhwala atsopano alionse pa kachipata ka hERG asanafike kwa anthu. Koma kuyang'ana kachipata kamodzi kokha kumanamizanso. Mwachitsanzo mankhwala akale a mtima otchedwa verapamil amatseka hERG, komabe sadziwika ndi vuto lija, chifukwa amatsekanso kachipata ka kashiyamu ndipo ziwirizo zimalipirana. Mankhwala abwino akhoza kutayidwa pachabe ngati woyesa akuona chipata chimodzi. Ndiye chifukwa chake mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA, pamodzi ndi anzawo, lidayambitsa ntchito yoti mankhwala aziyesedwa pa tizipata tingapo, kenaka zotsatira zake aziziika m'samu ya selo la mtima wa munthu kuti aone zimene zingachitike tonse tikakhala pamodzi. Samu imene adayambira ndi ya a Thomas O'Hara ndi a Yoram Rudy ya mu 2011, yomangidwa m'njira yomwe ija idayamba mu 1960.

KUCHOKA PA SELO KUFIKA PA MTIMA WONSE

Masamu onse atchulidwawa ndi a selo limodzi, pamene mtima uli ndi maselo mabiliyoni olumikizana. Magetsi amayenda mwa iwo ngati moto wa m'tchire. Moto umapita patsogolo kumene kuli udzu, ndipo subwerera pa lupsa chifukwa palibe choti utenthe. Mu mtima, selo likangogunda limakhala kanthawi losatheka kuyatsidwanso, kotero chizindikiro chimadutsa kamodzi n'kuzima. Koma ngati pali chipsera, monga chimene chimatsala mbali ina ya mtima ikafa chifukwa chosowa magazi, chizindikirocho chikhoza kuzungulira chipseracho mochedwa n'kupeza maselo akumbuyo atakonzeka kale. Chikatero chimangozungulira osazima, ndipo mtima umathamanga mosapopa bwino magazi.

Kuti zimenezi ziwerengeredwe pankafunika kudziwa maonekedwe enieni a mtima. Gulu la a Peter Hunter ku Auckland, m'dziko la New Zealand, lidayeza momwe ulusi wa nyama ya mtima udayalidwira, ndipo ntchito yawo idaphatikizidwa ndi masamu a maselo a ku Oxford m'zaka za m'ma 1990. Mu 1997, pa msonkhano wa akatswiri ku St Petersburg, padakhazikitsidwa ntchito yotchedwa Physiome yofuna kuchita chimodzimodzi ndi ziwalo zina za thupi, ndipo a Noble anali m'gulu la oitsogolera.

Ena adapita patali kuposa pamenepo. Mu 2016 gulu la a Natalia Trayanova ku Johns Hopkins University ku America lidasindikiza kafukufuku wa odwala 41 amene anali ndi zipsera mu mtima. Kwa wodwala aliyense adapanga mtima wa mu kompyuta kuchokera pa zithunzi za mtima wake, n'kuutokosola ndi magetsi a m'masamu kuti aone ngati ungasokonekere. Njirayi idalozera amene adadzakumana ndi vutolo bwino kuposa miyeso imene madotolo ankadalira. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa ndipo amafuna makina odula, koma akuonetsa kumene ntchitoyi idafika. Samu imene inkatenga maola pa Ferranti Mercury, foni ya m'manja ikhoza kuimaliza sekondi isanathe.

PHUNZIRO LIMENE A NOBLE ADATENGAPO

Atapuma pa mpando wa upulofesa, a Noble adatembenukira ku mafunso akuluakulu a momwe zamoyo zimagwirira ntchito. M'buku lija la 2006 adatsutsa ganizo loti chilichonse m'thupi chimalamulidwa ndi majini, malangizo aja mwana amatengera kwa makolo. Chitsanzo chawo chinali mtima womwewo. Majini amapereka kapangidwe ka tizipata, koma palibe jini limene mudalembedwa kagundidwe. Kagundidwe kamaoneka pokhapokha tizipata tili m'selo lamoyo, ndipo selolo ndi limene limatilamulira kudzera m'magetsi ake. Iwo, pokhala munthu woimba gitala, adafanizira moyo ndi nyimbo yoimbidwa ndi gulu. Akatswiri ambiri sagwirizana nawo pa zina zimene adanena pambuyo pake zokhudza kusintha kwa zamoyo m'mibadwo, ndipo mkangano umenewo ndi waukulu. Koma pa za magetsi a mtima, ntchito yawo ndi imene ena onse amamangapo.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchokera pa samu yoyamba ya 1960 kufika pa ya 1985 padapita zaka 25, ndipo m'kati mwake munali kugwa kuwiri kumene munthu wina akadakubisa kapena kukana. A Noble eni ake akhala akunena m'zolemba zawo kuti adaphunzira zambiri pamene masamu awo adalephera, chifukwa kulepherako kunkaloza malo oyenera kukumba.

Kwa owerenga, nkhaniyi ili ndi mbali yogwira pakhomo. Mtima umadalira muyeso wa mchere m'magazi ndi tizipata tosaoneka, ndipo zonsezi mankhwala akhoza kuzisokoneza. Kumwa mapilitsi owirikiza kuti matenda athe msanga, kuphatikiza a ku chipatala ndi ogula pa msika osawauza adotolo, kapena kumwa mankhwala amphamvu thupi litatha madzi chifukwa cha kutsegula m'mimba ndi kusanza, pamene potaziyamu amakhala atachepa, zonsezi zimaika mtima pa ngozi. Munthu amene akumwa mankhwala akayamba kumva mtima ukuthamanga modumphadumpha, kuchita chizungulire kapena kukomoka, achibale athamange naye ku chipatala, ndipo anyamule mapaketi a mankhwala onse amene wakhala akumwa kuti a chipatala awaone.

Tsamba lino libweranso sabata ya mawa.